Zimene Zili M'dilamu la Kumbuyo

Munthu akamagula galimoto yakale ya m'tchire, kaya ndi Land Cruiser yomwe bungwe lina latopa nayo, kaya ndi Hilux yomwe yasenza mabelo a fodya zaka zambiri, mafunso ake amadziwika. Injini ikudya oyilo? Utsi ukutuluka wamtundu wanji? Fowilu ikulowa? Amagwada n'kusuzumira kunsi kuti aone ngati chesisi sinawotcheredwepo, kenaka amakaiyesa pachitunda kuti amve mphamvu yake. Ikakwera bwino, malonda atheka. Za kuima amangoponda buleki kamodzi pabwalo, galimoto ili yopanda katundu, ndipo ikaima mtima wake umakhala pansi. Sindinaonepo wogula akupempha kuti amuchotsere tayala lakumbuyo kuti aone m'dilamu.

Ine ndimakhala kumapiri a pakati pa Ntcheu ndi Dedza, patali ndithu ndi msewu wa M1, ndipo ndili ndi Hilux ya fowilu ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kumudzi galimoto yotere sikhala ya munthu mmodzi. Imanyamula feteleza ndi mbatata ya kachewere, usiku imathamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera, ndipo pamaliro ndi yomwe imatenga bokosi pamodzi ndi amayi oimba. Tikafuna kupita kunyanja timatsika Khwekhwelere, msewu uja wochoka pa Masasa kukafika pa Golomoti, womwe umangokhotakhota m'mbali mwa phiri, phompho lili pambali. Nkhani ya mabuleki imandikhudza chifukwa cha anthu amene amakhala kumbuyo kwanga pamsewu umenewu. Iwo sadziwa ngati mashu anatha kapena ngati silinda ikudontha. Amangokwera, atakhulupirira kuti mwini galimoto anayang'ana. N'chifukwa chake mabuleki akumbuyo ndimawatsegula ndekha pakhomo mvula ikatha, komanso nthawi iliyonse phazi langa likamva zachilendo. Galaja yodalirika ili kutali, ndipo galimoto yomwe mabuleki ake akukayikitsa siyoyenera kuyenda ulendo wautaliwo.

Dilamu ndi chitsulo cholemera chooneka ngati mphika wovundikira, chomwe chimazungulira limodzi ndi tayala. M'kati mwake, pa chitsulo chosazungulira chomwe amakaniko amati bakipuleti, muli mashu awiri okhota omatidwa layining'i. Pamwamba, pakati pa mashuwo, pali silinda yaing'ono ya mapisitoni awiri. Mukaponda buleki, mafuta a mabuleki amakankha mapisitoni, mapisitoni amakankha mashu kuti akakweche khoma la dilamu, ndipo mukachotsa phazi masipiling'i amawabweza. Palinso ajasita, yomwe imasendeza mashu kufupi ndi dilamu pamene layining'i ikutha. Nzeru yake ndi yakale kwambiri. Louis Renault wa ku France anali ataika kale mabuleki a dilamu pagalimoto yake mu 1902. Land Rover Series III, yomwe inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, inali ndi madilamu kumatayala onse anayi, ndipo Hilux inapitirizabe ndi madilamu kumbuyo patapita zaka zambiri kutsogolo ataikako madisiki. Opanga galimoto anali ndi zifukwa zomveka. Dilamu silidula kupanga, limagwira bwino handibuleki, ndipo kuzungulira kwake kumakokera shu yakutsogolo kukhoma, motero buleki imadziwonjezera yokha mphamvu. Komanso galimoto ikamaima kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, ndiye matayala akumbuyo ntchito yawo imachepa.

Vuto la dilamu ndi lakuti n'lotsekeka. Limatchinga miyala, inde, koma madzi amatope akalowamo powoloka dambo, madziwo amauma, matope n'kutsala. Disiki imaoneka tayala likangochoka, nthawi zina ngakhale lisanachoke. Zam'dilamu zimatha, zimachita dzimbiri, zimanyowa ndi oyilo popanda wozionapo, ndipo popeza mabuleki akutsogolo amabisa kufooka kwa akumbuyo, dalaivala amatha kuyenda chaka chathunthu osadziwa kuti akuimitsa galimoto ndi matayala awiri okha. Amadzadziwa tsiku lomwe wasenza matumba 20 a chimanga ndipo akutsika phiri.

Ntchitoyi ndinaiphunzira kwa amalume anga, omwe anali ndi Land Rover yaifupi, ija ya mainchesi 88. Anali munthu wosathamanga pantchito. Tikachotsa dilamu ankandiletsa kugwira chilichonse. "Mphwanga, manja kumbuyo. Uyambe wandiuza chimene ukuona." Ndikati, "Mashu atha, amalume," ankafunsanso kuti, "Atha onse mofanana? Nanga chawathetsa n'chiyani?" Funso lachiwirilo ndi lomwe ndakhala nalo mpaka lero. Kusintha mashu ndi ntchito ya manja yomwe mnyamata aliyense wochangamuka angaiphunzire masana amodzi. Koma shu yatsopano mukaiika pamalo pomwe panawononga yakale, nayonso iwonongeka chimodzimodzi, mwina mwezi usanathe. Ambiri timathamangira ku Ndirande kapena ku Biwi kukagula masipeya tisanamvetse chimene chavuta, ndipo tikabwerako timamanga zatsopano pamwamba pa vuto lakale.

Musanafike pa zonsezo, galimoto iyenera kukhala yoti singakugwereni. Imikani pamalo athyathyathya, pingani matayala akutsogolo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwake, masulani manati pang'ono tayala likadali pansi. Mukainyamula, isakhale pa jeke yokha. Ikani chipika cha mtengo wolimba pansi pa ekiselo. Njerwa ayi, chifukwa njerwa imasweka mwadzidzidzi, yosayamba yachenjeza. Pa Hilux handibuleki iyenera kumasulidwa, popeza imagwira mashu omwewo ndipo ikakhala yokoka dilamu silingachoke. Pa Land Rover yakale nkhani ndi ina ndipo ndi yoopsa: handibuleki yake ili ndi kadilamu kakekake kumbuyo kwa giyabokosi, kamene kamagwira shafuti yopita ku difu. Mukangonyamula tayala limodzi lakumbuyo, difu imalola kuti linzake ligudubuzike, ndipo galimoto ingathe kutsetsereka pa jeke handibuleki ili chikokere. Amalume ankaika miyala asanatulutse n'komwe jeke.

Dilamu lomwe lakhala zaka osatsegulidwa limakana kuchoka. Mashu amakumba khoma lake pang'onopang'ono n'kusiya kamlomo m'mphepete, ndipo kamlomoko kamakola mashuwo mukamakoka. Mankhwala ake ndi kubweza ajasita. Pa Hilux kuseri kwa bakipuleti kuli kabowo kotsekedwa ndi labala. Ndi sikuludilaiva imodzi mumakankha kachitsulo komwe kamagwira mano a ajasita, ndi inzake mumazungulitsa manowo mpaka mashu atabwerera. Toyota inaikanso mabowo awiri a mazinga pankhope ya dilamu, olowa mabawuti a M8. Mukamanga mabawutiwo mosinthanasinthana, uku pang'ono uko pang'ono, dilamu limadzikankha lokha. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akulimenya m'mphepete ndi hamala yaikulu. Chitsulo chake ndi chosungunula, chimang'aluka, ndipo mng'alu wina suoneka ndi maso mpaka tsiku lomwe dilamulo latentha.

Fumbi lomwe mulipeze m'katimo musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu. Malayining'i akale ankapangidwa ndi asibesitosi, yemwe tinthu take tikalowa m'mapapo sititulukanso, ndipo matenda ake, kuphatikizapo khansa, amadzaonekera patapita zaka 20, 30 kapena kupitirira. Britain inamuletsa kotheratu mu 1999, South Africa mu 2008, koma mashu a m'galimoto yakale, kapena otchipa ogula opanda bokosi, sauza munthu zomwe anapangira. Nyowetsani fumbilo ndi madzi a sopo, pukutani ndi kansanza konyowa, kansanzako mukatayire kutali. Ana amakonda kuunjikana pomwe pakukonzedwa galimoto. Pa gawo limeneli ndimawathamangitsa.

Tsopano khalani pansi, yatsani tochi ngakhale kuli masana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Fumbi louma lotuwa ndi uthenga wabwino: mabuleki akhala akugwira ntchito yawo. Katondo wouma womata pamasipiling'i ndi pa ajasita akusonyeza kuti galimoto inasambira m'matope, ndipo mosakayika mano a ajasita anagwirana ndi dzimbiri. Shu yakutsogolo ikatha kuposa yakumbuyo musadabwe, ndi mmene zimakhalira chifukwa ndi yomwe imakokedwa ndi dilamu. Koma ina ikatha mpaka pachitsulo pamene inzake ikadali yatsopano, pisitoni imodzi inauma m'silinda. Layining'i yonyezimira ndi yoterera, pamodzi ndi khoma la dilamu lomwe lasanduka labuluu, zikunena za kutentha: mashu akhala akukwecha ngakhale phazi lili pambali. Apa mufufuze amene akuwagwira. Mwina masipiling'i anafooka. Mwina paipi yalabala yomwe imatsika kuchoka pachesisi kupita pa ekiselo inatupa m'kati, ndiye imalola mafuta kupita koma osabwerera. Pa Hilux ya fowilu wokayikiridwa woyamba ndi kachitsulo kokhota kuseri kwa bakipuleti komwe waya wa handibuleki amakoka. Kamakhala panja, kamasamba matope chaka chonse, ndipo kakauma handibuleki simasuka yonse. Kumasula kachitsuloko, kukapala dzimbiri n'kukapaka girizi, ndi ntchito yosadya ndalama, koma yapulumutsa mashu ambiri.

Mukapeza chinyezi, chinunkhizeni. Mafuta a mabuleki ndi opyapyala ndipo amachokera pamwamba; tukulani kalabala kotchinga fumbi m'mbali mwa silinda, mukapeza monyowa ndiye kuti malabala a m'kati atha. Anthu ambiri amagula malabala okha chifukwa ndi otchipa. Sikulakwa, bola muyambe mwayang'ana m'mimba mwa silindayo. Madzi omwe mafuta anayamwa amakhazikika pansi n'kudya chitsulo, ndipo mukaona timaenje ta dzimbiri, labala watsopano adzang'ambika pomwepo. Silinda yotero ndi yotaya.

Oyilo wa difu ndi wina: wakuda, wolemera, wafungo lolasa mphuno, ndipo amayambira pakati n'kumwazikira ponseponse. Wadutsa pa sili ya kumapeto kwa ekiselo. Apa ndi pomwe funso la amalume limagwira ntchito kwambiri, chifukwa sili siingotha yokha nthawi zonse. Pamwamba pa ekiselo pali kachipangizo kakang'ono kopumira, kosaposa chala, komwe ntchito yake ndi kutulutsa mpweya difu ikatentha. Matope akakatseka, mpweya wotenthawo umasowa kolowera, ndiye umakankha oyilo kudutsa pa sili mpaka pamashu. Ndipo ekiselo yotentha ikamira mwadzidzidzi m'madzi ozizira a mumtsinje, mpweya wam'kati umanyala n'kuyamwa madzi kudzera pa sili yomweyo. Ndaonapo munthu atasintha sili ndi mashu, patangopita milungu yochepa oyilo wabwereranso, iye n'kumadandaula kuti anamugulitsa sili yabodza. Chonsecho vuto linali kachipangizo kaja, koti akanangokamasula ndi sipanala n'kukatsuka m'palafini. Beling'i ya tayala ikayamba kugwedera nayonso imadya sili. Gwirani mapeto a shafuti, muigwedeze m'mwamba ndi pansi. Ikasewera, sili yatsopano sikhalitsa.

Mashu omwe amwa oyilo atha ntchito, ngakhale layining'i ikhale yonenepa bwanji. Ndikudziwa zomwe zimachitika m'magalaja ena apansi pamtengo: amawatsuka ndi petulo, amawayatsa moto, amawapala ndi sandipepa mpaka aoneke oyera. Koma oyilo amalowa m'kati mwa layining'i, ndipo mabuleki akatentha potsika phiri amatulukanso, nthawi yomwe mukuwafunitsitsa. Moto nawonso umafooketsa guluu yemwe amamata layining'i pachitsulo. Chinanso chomwe ndachiona ndi maso anga n'choipa kuposa pamenepa. Silinda ikayamba kudontha, ena amaphwanya paipi yachitsulo ndi hamala, kapena amakhomeramo msomali, kuti mafuta asapitenso kutayalalo. Chopondera cha buleki chimalimba, dalaivala amasangalala, koma galimoto yatsala ndi mabuleki atatu. Pamsewu wonyowa, akaponda mwamphamvu, tayala limodzi lakumbuyo limagwira, linzake ayi, ndipo galimoto imatembenuka. Ena mafuta akatha amathiramo madzi a sopo. Mafuta a DOT 3 atsopano sawira asanafike pa madigiri 205, a DOT 4 pa 230. Madzi amawira pa 100, ndipo kuno kumtunda kwa Dedza, pamamita opitirira 1,500, amawira asanafike n'komwe pamenepo. Akawira amasanduka nthunzi, nthunzi imafinyika, chopondera chimalowa mpaka pansi.

Sindikunyoza anthu amenewa. Chichepetsere mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya anakwera moti mwini matola amawerengera kawiri asanagule silinda. Munthu amene galimoto yamufera pakati pa tchire usiku angachite chilichonse kuti akafike pamudzi wapafupi, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo zimenezo ndimazimvetsa. Chomwe sindingachivomereze ndi kusiya msomali uja m'paipi miyezi ndi miyezi, n'kumanyamula amayi opita kumsika tsiku ndi tsiku. Ngati ndalama ya silinda palibe, galimoto iime. Mwini wake ataya ndalama ya masiku ochepa, koma anthu okwera kumbuyo sanafunsidwe ngati akulola kuika moyo wawo pa msomali.

Kumanga zatsopano sikuvuta kwa amene wayang'ana bwino. Jambulani ndi foni musanamasule kanthu, ndipo gwirani mbali imodzi, inayo ikhale yomanga kuti muzikaonera. Mashu amasinthidwa mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ngakhale mbali ina ioneke yabwino, apo ayi galimoto izikokera kumodzi. Buku la Toyota la galimoto ngati yangayi limati layining'i yatsopano ndi mamilimita 6 ndipo isachepere pa milimita imodzi. Ine sindidikira kuti ifike pamenepo. Dilamu nalonso lili ndi malire, ndipo nambala yake inadindidwa pachitsulo pomwepo: langa latsopano ndi mamilimita 295 m'kati, ndipo likapitirira 297 latha. Dilamu lokumbika angathe kulipala pamakina m'tauni, koma osadutsa nambala imeneyo, chifukwa lopyapyala limatentha msanga. Pa bakipuleti pali timalo tokwera pomwe mashu amatsetserekapo. Mutipukute, mupakepo girizi wopirira moto pang'ono kwambiri, ndipo musambe m'manja musanagwirenso layining'i.

Masipiling'i ndi amene amasokoneza anthu, ndipo sipiling'i iliyonse ili ndi bowo lake. Pa Land Rover ya mainchesi 88 sipiling'i yapamwamba imachoka pa shu yakutsogolo n'kukakola pakachitsulo ka pa bakipuleti. Siilumikiza mashu awiriwo, ngakhale maso amanyenga kuti ndi mmene iyenera kukhalira. Woilumikiza choncho amakokera shu yakumbuyo kutali ndi dilamu, chopondera n'kumalowa pansi, ndipo atha kutaya tsiku lonse ndi botolo lonse la mafuta akusaka mpweya womwe mulibe.

Pamenepa ndi pomwe ambiri amataya mtima: zonse ndi zatsopano, koma buleki ikulowabe pansi. Phazi limatha kusiyanitsa matenda atatu ngati mwini wake akulimvera. Chopondera chikapita patali koma n'kukalimba kumapeto, ndipo mukapopa kachiwiri n'kukwera, nthawi zambiri mashu ali kutali ndi dilamu. Silinda ikuwononga ulendo woyamba wonse pongowafikitsa kukhoma. Mpata woyenera pa Hilux ndi wochepa zedi, mamilimita 0.6, ndipo ajasita yake imayenda mukamakoka ndi kumasula handibuleki. Ichi ndi chifukwa chake dalaivala amene sagwiritsa handibuleki, wongodalira giya ndi mwala, amadzapeza chopondera chikutsika mwezi ndi mwezi. Ndi dzanja, sendezani mashu mpaka dilamu ligwire, kenaka bwezani pang'ono mpaka lizungulire momasuka, likungomveka kukhudza pang'onong'ono. Chopondera chikakhala chofewa, chonyinyirika pansi pa phazi, mumapaipi muli mpweya. Koma chikalimba kaye, kenaka n'kumatsika chokha pang'onopang'ono phazi lili chipondere, mafuta akuthawa: mwina akudontha penapake, ndipo ngati pansi pali pouma ndiye kuti akudutsa malabala a m'kati mwa masita silinda, silinda yaikulu yomwe chopondera chimakankha. Kupopa sikungachiritse zimenezo.

Kuchotsa mpweya kumafuna anthu awiri, ndipo kwathu wondithandiza ndi mayi a kunyumba. Iwo amakhala pampando wa dalaivala, ine kunsi ndi sipanala, kapaipi koonekera m'kati ndi botolo.

"Popani, mayi!"

Amapopa katatu, kanayi.

"Gwirani!"

"Ndagwira, bambo."

Ndimamasula nipo, kabawuti kotulutsira mpweya, mafuta amatuluka ndi thovu, chopondera chimatsika.

"Chalowa pansi."

"Musasiye, ndimange kaye."

Akachotsa phazi nipo isanamangidwe, mpweya umabwerera momwe unatulukira, choncho ntchitoyi imayenda ndi kumverana. Timayambira tayala lomwe paipi yake ndi yaitali kwambiri kuchokera ku masita silinda, ndipo timaonetsetsa kuti kabotolo ka mafuta ka pamwamba pa masita silinda kasaume. Mafuta akhale a m'botolo lotsegulidwa kumene, chifukwa amayamwa chinyezi cha mumpweya. A DOT 3 omwe ayamwa madzi ochepa chabe, osafika 4 peresenti, angathe kuwira pa madigiri 140. N'chifukwa chake ndi bwino kuwasintha onse pakatha zaka ziwiri, ngakhale galimoto isadonthe paliponse. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi asayandikire kabotoloko. Amatupitsa malabala onse mpaka mabuleki kuuma. Mayi akazolowera ntchitoyi, phazi lawo limadziwa buleki yabwino, ndipo tsiku lina akamayendetsa okha ndi iwo amene amayamba kunena kuti chopondera chasintha.

Pali chipangizo china chomwe eni mapikiapu ambiri sadziwa kuti chilipo. Pachesisi, chakumbuyo, pali valavu yolumikizidwa ku ekiselo ndi kamtengo kachitsulo kataliko. Ntchito yake ndi kuyeza katundu. Galimoto ikakhala yopanda kanthu, thupi lake limakhala pamwamba, ndipo valavu imachepetsa mphamvu yopita kumabuleki akumbuyo kuti matayala asakwakwaze pansi. Ikalemedwa n'kutsika, valavu imatsegula. Tsono kuno timakonda kuwonjezera zitsulo pamasipiling'i akumbuyo kuti galimoto isenze zambiri. Ikatero sitsikanso ngakhale isenze bwanji, ndipo valavu imaiona ngati yopanda katundu nthawi zonse. Mabuleki akumbuyo amalandira mphamvu yochepa pomwe ikufunika yambiri. Mwini galimoto amasintha mashu, amasintha masilinda, osapeza chifukwa chomwe madisiki akutsogolo akungopsa. Wowonjezera masipiling'i ayenera kusinthanso kaimidwe ka kamtengo kaja. Valavuyi ilinso ndi nipo yakeyake, ndipo mpweya umakonda kubisala mmenemo.

Mukamaliza, mangani matayala, tsitsani galimoto, mangitsani manati ili pansi, ndipo pondani buleki musanaisunthe. Kayeseni pamsewu wopanda anthu, mukuima mofatsa kangapo kuti mashu azolowere khoma la dilamu. Pamsewu wafumbi mizere ya matayala imaonetsa ngati mbali zonse zagwira mofanana. Kenaka tsikani muyandikizitse dzanja pamadilamu onse awiri. Kufunda n'koyenera, koma limodzi likatentha kuposa linzake, china chikugwira, ndipo muyenera kutsegulanso. Kugwira mwamphamvu kamodzi kapena kawiri m'mamawa kunja kutagona chinyezi si vuto, ndi dzimbiri la usiku ndipo limachoka lokha. Mukawoloka mtsinje, yendani pang'ono phazi likukhudza buleki kuti madzi aume musanafike potsetsereka.

Ngakhale mabuleki okonzedwa bwino ali ndi polekezera. Dilamu likatentha limafutukuka, khoma lake limathawa mashu, chopondera chimatalika, ndipo layining'i yotentha kwambiri imaleka kugwira. Khwekhwelere, Chiweta, msewu wotsikira ku Chikwawa kuchoka ku Blantyre, kapena Gorodi wa makona pafupifupi 20 wotsika ku Livingstonia kupita pa Chitimba, yonseyi ndi misewu yotsika ndi giya. Giya yomwe mungakwerere phirilo ndi yomwe mutsikire nayo, buleki izingothandizira. Madalaivala ena amachotsa giya potsika kuti asunge dizilo. Ndikakhala wokwera m'galimoto yotero ndimalankhula, ngakhale ena andione ngati wovuta.

Ntchito ya pakhomo nayo ili ndi malire ake, ndipo wokonza yekha ayenera kuwadziwa. Kusolola shafuti ya Hilux kuti musinthe sili n'kotheka pabwalo: mumamasula paipi ya buleki, waya wa handibuleki ndi manati anayi kuseri kwa bakipuleti. Koma beling'i yake imalowa ndi kutuluka ndi pulesi, ndipo woikhoma ndi hamala amaiwononga isanayende n'komwe. Shafutiyo muikweze pa minibasi, mupite nayo kwa amene ali ndi makina. Paipi yachitsulo yodyeka ndi dzimbiri siwotcheredwa ndipo simangidwa ndi labala wa chubu. Imafuna yatsopano yopindidwa milomo ndi chida chake. Ndipo ngati mwayesa zonse koma phazi lanu silikukhutira, itanani makaniko abwere pakhomo. Pepala la COF ndi lofunika ndipo ndimalilemekeza, koma limanena za tsiku lomwe galimoto inayesedwa. Pambuyo pake pamabwera dzinja lonse la matope.

Inu eni mapikiapu ndi ma Land Cruiser akale, makamaka amene mumanyamula anthu: mvula ikatha mu Epulo, musanayambe kututa chimanga ndi fodya, patulani Loweruka limodzi. Chotsani matayala akumbuyo, tsegulani madilamu onse awiri, tsukani kopumira ka difu, ndipo ngati m'paipi ina muli msomali, galimotoyo isatuluke pachipata mpaka mutagula silinda.